Uloya wa boma pa malonda a pakati pa mayiko: mafunso a anthu a ku Mchinji ndi mayankho ake

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa ana a Fomu 4 ofuna kudzakhala maloya, kwa makolo awo amene adzalipire fizi, ndi kwa amayi ndi abambo a geni yodutsa pachipata kupita ku Chipata. Ofanana ndawaphatikiza. Amene ali ndi mlandu wakewake asadalire tsamba lino lokha, akaonane ndi loya.

Loya wa boma ndi uja amazenga anthu milandu kukhoti?

Ena mwa iwo, koma si onse. Pabwalo la majisitireti pa Boma pano, amene mumamuona akuwerengera munthu mlandu wakuba njinga nthawi zambiri amakhala wapolisi wophunzitsidwa ntchito yozenga milandu. Milandu ikuluikulu monga yakupha imayendetsedwa ndi maloya a ku ofesi ya mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, amene anthu amangoti a DPP.

Mbali ina ndi ofesi ya Attorney General. Gawo 98 la malamulo aakulu a dziko lino limati iyeyu ndiye mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Pansi pake pali Solicitor General, kenako maloya amene amayambira pa udindo wa State Advocate n'kumakwera. Ena amaimira boma likasumiridwa, ena amalemba mabilu opita ku Nyumba ya Malamulo, ena amawerenga makontirakiti ndi mapangano boma lisanasaine. Palinso maloya a m'mabungwe monga MRA, yotolera misonkho, ndi Reserve Bank of Malawi, ndi a ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Tsamba lino likunena za amenewa, omwe ambiri mwa iwo akhoza kutha mwezi osavala mkanjo ndi wigi.

Milandu ya pakati pa boma ndi nzika imakhala yotani?

Yambiri imazungulira pa funso limodzi: kodi amene adapanga chiganizocho adali ndi mphamvu yotero, ndipo adatsata njira yake? Gawo 43 la malamulo aakulu aja limapatsa munthu aliyense ufulu woti boma lizimuchitira zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti limupatse zifukwa zolembedwa ngati chiganizocho chikukhudza ufulu wake. Gawo 108 limapatsa bwalo lalikulu mphamvu yowunika lamulo lililonse kapena chilichonse chimene boma lachita. Wofuna kuti bwalo liwunike chiganizo cha boma ayenera kufulumira, chifukwa malamulo a bwaloli amapereka miyezi itatu yokha.

Nonse mukuukumbukira mlandu wa zisankho, pamene majaji asanu adafafaniza zotsatira za 2019 pa 3 Febuluwale 2020. Koma musaganize kuti yonse imakhala ya mawailesi choncho. Mu Januwale 2017 bwalo lidathetsa ndime ina ya lamulo la vakabu, ndipo wosuma adali venda wogulitsa majumbo amene adamangidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku geni yake. Mu Julayi 2019 bwalo la Supreme lidagamula mokomera boma pa nkhani yoletsa majumbo opyapyala, ngakhale makampani ena adapitiriza kutenga ziletso za kukhoti zoimitsa lamulolo pambuyo pake. Pa milandu ngati imeneyi mbali ya boma imakhala m'manja mwa maloya amene tikunenawa. Pena amapambana, pena amagonja, ndipo pali milandu ina imene kugonja kwa boma kumakhala kokomera dziko.

Za malonda a pakati pa mayiko zikumukhudza bwanji munthu wa kwa Mkanda kapena ku Kapiri?

Zikumukhudza kuposa wa mu Area 47 ku Lilongwe. Taimani pachipata m'mawa muone. Mayi watsika minibasi ndi katundu amene wakaoda ku Chipata, wafika pawindo. Ofisala akufuna kudziwa zinthu zitatu: katunduyo ndi chiyani, ndi wa ndalama zingati, adapangidwa kuti. Funso lachitatuli ndilo limasiyanitsa wolipira msonkho wa kasitomu ndi wosalipira.

Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe la malonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, lomwe pangano lake lidakhazikitsidwa ku Lilongwe mu Disembala 1994, ndipo onse adali m'gulu la mayiko oyamba kuchotserana msonkho wa kasitomu mu Okutobala 2000. Koma kuchotserana kumeneku ndi kwa katundu wopangidwa m'mayiko a bungweli basi. Nsapato zochokera ku China sizisanduka za ku Zambia chifukwa zagona m'sitolo ku Chipata. Pali malamulo oyesera kumene katundu wachokera. Limodzi limati ntchito yochitika m'dziko muno iwonjezere phindu losachepera 35 peresenti pa mtengo wa katunduyo potuluka m'fakitale. Lina limati zipangizo zochokera kunja kwa bungweli zisapitirire 60 peresenti ya zipangizo zonse. Ndiye kampani ikaitanitsa mafuta ophikira kutali n'kungowathira m'mabotolo kuno, kodi ndi mafuta a ku Malawi? Mkangano wotere ukabuka, fayilo imafika pa desiki ya loya.

Mayi wathu uja sangakwanitse mapepala onse amene kampani yaikulu imalemba. N'chifukwa chake mu 2010 mayiko awiriwa adayamba ndondomeko yofewetsera amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa STR. Katundu akakhala wosapitirira mtengo umene udaikidwa, ndipo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa adagwirizana, amadutsa ndi fomu yachidule popanda kulemba ejenti. Apa ndiye pamayambira mikangano yambiri ya pawindo: anthu amamva kuti “palibe msonkho,” chonsecho umene wachotsedwa ndi wa kasitomu wokha. VAT ndi misonkho ina ya m'dziko imakhalapobe, ndipo mbewu zimafunabe ziphaso zake.

Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene atsogoleri a mayiko awiriwa adatsegula mu Disembala 2022, nachonso chili ndi ntchito ya maloya imene siioneka. Kuima kamodzi m'malo mwa kawiri kukutanthauza kuti ofisala wa Zambia agwire ntchito pa nthaka ya Malawi, wa Malawi pa nthaka ya Zambia. Akapeza katundu wozembetsa, amanga ndani? Mlandu upita bwalo la dziko liti? Ofisala mwiniyo akalakwa, lamulo lomugwira ndi liti? Njerwa zisanaikidwe, mafunso amenewa amayenera kuyankhidwa pa pepala.

Pulezidenti akasaina pangano kunja, ndiye kuti lasanduka lamulo?

Ayi. Gawo 89 limapatsa Pulezidenti mphamvu yokambirana ndi kusaina mapangano ndi mayiko ena, kapena kutuma nduna ndi akazembe. Koma gawo 211 limati pangano latsopano limakhala mbali ya malamulo a dziko lino pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lonena choncho.

Pangano la msika umodzi wa Africa, la AfCFTA, lidasainidwa ku Kigali pa 21 Marichi 2018. Malawi adapereka zikalata zolivomereza mu Januwale 2021. Ngakhale zitatero, ofisala wa pachipata sagwiritsa ntchito zimene zalengezedwa pa msonkhano. Iye amayang'ana zimene zili m'buku la misonkho ndi m'kompyuta mwake. Kuti msonkho utsikedi, wina ayenera kulemba mndandanda wa katundu mzere ndi mzere, nambala ndi nambala, n'kuutulutsa mu Gazeti ya boma. Ntchito yosatchuka, yotopetsa maso, koma kuphonya nambala imodzi kungachititse kuti wamalonda alipire msonkho umene adayenera kukhululukidwa.

Ngati malonda ndi omasuka, bwanji boma limaletsa kutulutsa chimanga?

Funso ili amandifunsa mokwiya alimi amene akuona kuti kutsidya kuli mtengo wabwino. Mphamvu yoletsa imachokera ku lamulo la Control of Goods Act la 2018, lomwe limalola nduna ya zamalonda kulamula kuti katundu wina asalowe kapena asatuluke popanda chiphaso. Kumbali ya kunja, Malawi ndi membala wa WTO, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, kuyambira 1995. Ndime 11 ya GATT, pangano la bungweli pa malonda a katundu, imakaniza mayiko kutsekereza katundu, koma imasiya mpata: dziko likhoza kuletsa chakudya kutuluka kwa kanthawi pofuna kupewa kapena kuthetsa kusowa kwakukulu.

Ntchito ya loya apa ndi kufunsa mafunso amene anduna mwina sakufuna kuwamva. Kusowako kulipodi, ndipo tili ndi umboni? Chiletsochi chitha liti? Tawadziwitsa anzathu monga mapangano amafunira? Maganizo anga ndi akuti chiletso chopanda tsiku lothera n'chovuta kuchiikira kumbuyo, ndipo kuno kumalire chimangolemeretsa a njinga ndi njinga zamoto odutsa njira zam'tchire usiku.

Komanso mnzako ukamutsekera khomo, nayenso ali ndi lake. Mu Marichi 2025 Malawi adaletsa kuitanitsa zinthu zingapo monga ufa ndi mpunga. Mwezi wotsatira Tanzania idabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, mpaka nthumwi za mayiko awiriwa zidachita kukambirana kuti zinthu zibwerere mwakale. Dziko lopanda doko ngati lathu, lodalira Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, silikangana ndi anansi mwachisawawa.

Nanga fodya ndi mtedza wathu zimalowa pati?

Belo likagulidwa ku okoshoni ya Chinkhoma ku Kasungu kapena ku Kanengo, ulendo wake umadalira malamulo a mayiko amene mlimi sadzawapondako. Mu 2009 Canada idakhazikitsa lamulo loletsa zokometsera mu ndudu. Poti fodya wa bale amasakanizidwa ndi zinthu zoterezi popanga ndudu, Malawi adakadandaula ku komiti ya WTO ku Geneva. Australia italamula kuti mapaketi a ndudu akhale opanda zokongoletsa, mayiko monga Honduras ndi Dominican Republic adasuma, ndipo Malawi adalowa nawo ngati dziko lokhudzidwa. Australia idapambana mu 2018, ndiponso pa apilo mu 2020. Chigamulocho chidaonetsa kuti dziko likhoza kuika umoyo wa anthu ake patsogolo ngakhale malonda a ena apwetekeke.

Mu Novembala 2019 a kasitomu a ku United States adalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko awo, ponena kuti amalimidwa pogwiritsa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa. Makampani akuluakulu adachita kupereka umboni, imodzi ndi imodzi, kuti achotsedwe pa chiletsocho. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Mu 2023 Malawi adalowa m'pangano lochepetsa kusuta fodya la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse. Taganizani loya amene akulangiza boma limodzi lomwelo, lomwe unduna wa zaumoyo ukufuna kusuta kuchepe, pamene wa zaulimi ndi wa zachuma akudalira fodya pa ndalama zakunja.

Mtedza nkhani yake ndi chuku. Mayiko a European Union salola mtedza woti anthu adye kupitirira mamaikirogiramu 4 a poizoni wa chuku pa kilogalamu. Ngakhale katundu wathu amalowa kumeneko popanda msonkho chifukwa tili m'gulu la mayiko osauka, mtedza wonyowetsedwa ndi madzi kuti usendeke msanga subwera n'komwe pafupi ndi muyezo umenewo. Apa loya alibe chonena chambiri. Malamulo a WTO amalola miyezo yoteteza umoyo ngati ili ndi maziko a sayansi.

Malawi adayamba wasumirapo dziko lina ku WTO?

Sadasumirepo, ndipo sadasumiridwepo. Amalowa ngati wokhudzidwa, monga pa mlandu wa fodya uja ndi wa shuga wa ku Ulaya. Milandu ya kumeneko imadya ndalama zambiri, ngakhale ku Geneva kuli bungwe la Advisory Centre on WTO Law lothandiza mayiko osauka. Kuwonjezera apo, bwalo la apilo la WTO lidaima mu Disembala 2019 chifukwa United States idakana kuti majaji atsopano asankhidwe.

Pafupi ndi kwathu, bwalo la COMESA limalola ngakhale munthu wamba kapena kampani kusumira boma lophwanya pangano, bola atayamba wayesa mabwalo a m'dziko mwake. Bwalo la SADC, bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa, lidaimitsidwa mu 2010 litagamula motsutsana ndi boma la Zimbabwe pa nkhani ya minda. Choncho mikangano yambiri imathera pa makalata ndi pa tebulo. Loya wa zamalonda amafanana ndi nkhoswe: akamagwira bwino ntchito, nkhani sifika kwa amfumu.

Nduna ikafuna chinthu chosemphana ndi lamulo, loya amatani?

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Amene loya wa boma amamuimira si nduna, si chipani cholamula, koma boma la Malawi, lomwe lidzakhalapobe ndunayo itachoka. Kontirakiti yosainidwa mopupuluma chaka chino idzalipidwa ndi misonkho ya ana amene pano ali ku pulayimale. Paja mlandu suwola.

Komanso loya si amene adasankhidwa ndi anthu. Ngati ndondomeko ili yololedwa ndi lamulo koma iye sakuikonda, ntchito yake ndi kuithandiza kuti iyende. Ngati ili yosemphana ndi lamulo, ayenera kunena, ndipo anene molemba. Pakamwa zimauluka. Loya wochenjera sangoti “sizingatheke, bwana” n'kukhala pansi. Amati: “Bwana, njira iyi atitengera chiletso sabata isanathe, ndipo tidzalipira chipepeso. Koma chimene mukufunacho chikhoza kutheka titayamba tamumva munthuyo, n'kumupatsa zifukwa zolembedwa.” Mabwana ambiri amamvera akaona kuti pali njira ina.

Akakana kumvera, chiganizo ndi chawo, ndipo nthawi zambiri loya yemweyo ndiye amatumidwa kukachiteteza kukhoti. Kumeneko malire ake ndi amodzi ndi a loya wina aliyense: saloledwa kunamiza bwalo, kapena kubisa chikalata chimene bwalo lalamula kuti chibwere. Anthu akamamuona pa TV akuimira chinthu chimene sakuchikonda amamutukwana, osadziwa zimene adalemba m'fayilo. Iye sangadziyeretse pagulu, chifukwa uphungu wake kwa boma ndi wachinsinsi. Munthu wofuna kuwomberedwa m'manja ntchito iyi imuwawa.

Tsiku la ntchito limayenda bwanji?

Kuwerenga, kulemba, kuimba foni. Fayilo imabwera ndi kapepala pamwamba koti uphungu ukufunika lero. Mkati muli kontirakiti ya masamba ochuluka yochokera kwa kampani yakunja. Wongoyamba kumene amathamangira pa tsamba la ndalama. Wozolowera amayamba watsegula kumapeto, kumene kuli tindime tooneka ngati topanda ntchito: pakabuka mkangano tidzatsata malamulo a dziko liti, tidzakaweruzidwa ku London kapena ku Lilongwe, tidzalipira m'madola kapena m'makwacha, ndipo kodi boma likuvomera kuti katundu wake akhoza kulandidwa likagonja? Kuyambira 2021 Malawi ali m'pangano la New York la 1958, lomwe limachititsa kuti zigamulo za oweruza apadera a kunja zizilemekezedwa ndi mabwalo a kuno. Ndiye kandime kamodzi koteroko si kamasewera.

Mbali ina ya tsiku imathera posaka umboni. Boma likasumiridwa pa zimene zidachitika zaka zapitazo, ofisala amene adalipo mwina adasamutsidwa kapena adapuma ntchito, ndipo loya sangapeke nkhani. Ofisala wosunga bwino mapepala kuboma kuno amapulumutsa ndalama zambiri za dziko mosadziwa.

Mwana wanga ali Fomu 4. Ayambire pati?

Akhoze bwino MSCE, makamaka Chingerezi, ndipo masamu asawataye, chifukwa misonkho ndi mapeperesenti okhaokha. Sukulu yakale ya uloya ili ku University of Malawi ku Zomba, imene akuluakulu amaitchabe Chancellor College. Kumeneko ambiri amayamba aphunzira kaye maphunziro ena a digiri, kenako n'kupikisana kuti alowe uloya, womwe umatenga zaka zinayi. Catholic University of Malawi nayonso imaphunzitsa uloya. Musanalipire fizi pa sukulu ina iliyonse, kuno kapena kunja, fufuzani ku Malawi Council of Legal Education ngati digiri yake ili yovomerezeka. Palinso Malawi Institute of Legal Education, kumene kumachitikira maphunziro ndi mayeso okonzekeretsa munthu kuima m'bwalo. Akatha zonse amavomerezedwa pamaso pa Chief Justice, mkulu wa majaji onse. Ntchito za m'boma zimalengezedwa m'nyuzipepala.

Ukatswiri wa zamalonda umabwera pambuyo. Ena amakachita digiri yachiwiri ku University of Pretoria, ena ku sukulu ya zamalonda ya trapca ku Arusha, ena ku World Trade Institute ku Bern. WTO ili ndi maphunziro a pa intaneti, ndipo bungwe la tralac la ku South Africa limaika zolemba zambiri zimene aliyense angawerenge. Chifalansa kapena Chipwitikizi chimathandiza. Mwana wokulira kumalire ali kale ndi chinthu chimene anzake a m'tauni amachimva m'kalasi mokha: adaonapo thiraki itaima masiku podikira pepala limodzi.

Ndalama zake zilipo? Nanga maulendo akunja?

Wofuna kulemera msanga apite ku makampani a maloya oima paokha, ndipo ambiri amapitadi akagwira zaka zochepa m'boma. Chimene boma limapereka ndi milandu ikuluikulu munthu akadali wamng'ono, imene kwina akadangonyamulira bwana wake chikwama. Maulendo a ku Lusaka, Gaborone, Accra ndi Geneva amakhalapo, koma musawaone ngati kokasangalala. Mayiko ena amabwera ndi gulu la akatswiri, wina wa shuga yekha, wina wa nsalu yekha, pamene nthumwi za mayiko ang'onoang'ono zimathamanga chipinda ndi chipinda.

Katundu wanga wagwidwa pachipata. Ndingapeze loya wa boma kuti andiimire?

Ayi, mayi. Pa nkhani imeneyo loya wa boma ali mbali inayo. Maloya olipidwa ndi boma amene amaimira anthu osowa ndalama ndi a Legal Aid Bureau, ndipo amayamba aona ngati mukuyenera thandizo lawo.

Musachoke pachipata popanda chikalata chosonyeza kuti katundu wagwidwa, kuchuluka kwake, ndi ndime ya lamulo imene akuti mwaphwanya. Ndalama iliyonse imene mwalipira, tengani lisiti ya boma. Sungani malisiti a kumene mudaoda, ngakhale olembedwa pamanja. Ngati simukugwirizana ndi mtengo umene awerengera, lembani kalata yodandaula kwa akuluakulu a MRA mwamsanga, chifukwa madandaulo a misonkho amakhala ndi nthawi yake, ndipo musunge kope lodindidwa. Pachipata pamakhalanso desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono pa za STR, kumene mungaone ngati katundu wanu ali pa mndandanda uja. Wina akakupemphani ya fanta kuti katundu atuluke, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Bureau. Mukachitiridwa nkhanza kapena kuzengerezedwa popanda chifukwa, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo kwaulere.